Jesse Owens, Waliwiro wa ku Alabama

Cakumwera kwa dziko la America kuli dera lochedwa Alabama, kumene amalima thonje lambiri. Kumeneko, pa mudzi waung'ono wa Oakville, kunabadwa mwana wamwamuna pa 12 September 1913, ndipo makolo ace anamucha James Cleveland Owens. Iye anali mzime mwa ana khumi. Agogo ace anali akapolo. Atate ace, a Henry Owens, analibe munda waowao. Ankalima munda wa munthu wina, ndipo pokolola mwini mundayo ankatenga gawo lace, iwo natsala ndi zocepa. Mwanayo anayamba kuthyola thonje akali wamng'ono ndithu, ngakhale anali wodwaladwala. Cifuwa ndi cibayo zinkamgwira kawirikawiri. Munthu womuona masiku amenewo sakadaganiza kuti miyendo yoondayo idzaposa miyendo ya anthu onse.

Pamene anali ndi zaka 9, banja lonse linasamukira kumpoto, ku mzinda wa Cleveland m'dera la Ohio, monga anacitira anthu akuda ambiri pofuna nchito m'mafakitale. Atalowa sukulu yatsopano, mphunzitsi anamfunsa dzina lace. Mwanayo anachula malemba awiri, J ndi C, monga ankamuitanira kwao. Koma cifukwa ca kalankhulidwe kace ka kumwera, mphunzitsiyo anamva ngati wati Jesse, nalemba comweco m'buku. Dzina limeneli linamkhalira moyo wace wonse.

Pa sukulu ya Fairmount panali Mzungu wina wophunzitsa masewera, dzina lace Charles Riley. Iyeyu anaona kathamangidwe ka mnyamatayo nafuna kumphunzitsa. Koma panali bvuto: poweruka Jesse ankapita ku maganyu, kukaperekera anthu katundu wa m'sitolo ndi kukathandiza wosoka nsapato, pakuti kunyumba ndalama zinali zosowa. Tsono Riley anapangana naye kuti azikomana m'mamawa, sukulu isanayambe.

Nkwabwino kuti tidziwe masewera amene mnyamatayu analowamo, pakuti ena a iwo mumawacita inunso pa tsiku la masewera pa sukulu panu. Bwalo lace limakhala ndi njira yozungulira, kutalika kwace mamita 400, yogawidwa ndi mizere kuti wothamanga ali yense akhale ndi kanjira kace. M'njiramo ndimo mucitikira mipikisano ya liwiro: ya mtunda waufupi, ya mtunda wautali, yolumpha timipanda, ndi yopatsirana kamtengo. Pakati pa bwalo ndi m'mbali mwace ndipo pa anthu olumpha ndi oponya. Ena alumpha kutali, ena alumpha m'mwamba, ena adzikweza ndi mtengo wautali, umene masiku a Owens unali wansungwi. Oponya aponya nthungo, mbale yolemera, kapena citsulo cobulungira. Zonse ziyesedwa ndi koloko kapena ndi cingwe coyesera, ndipo zilembedwa. Munthu akacita zoposa zonse zimene zinalembedwa kale pa dziko lapansi, amati waswa rekodi. Motero mwana wa ku Chipata akhoza kudziyesa ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sanamuonepo, ngakhale ndi munthu amene anafa kale.

M'caka ca 1933, akali pa sukulu ya East Technical, Owens anathamanga mayadi 100 m'masekondi 9.4 ku Chicago, nalingana ndi rekodi ya dziko lonse. Pambuyo pace analowa sukulu yaikulu ya Ohio State University. Kumeneko sanaloledwe kugona m'nyumba za ophunzira aciyera, ndipo pa maulendo iye ndi anzace akuda sankadyera pamodzi ndi Azungu a m'gulu lao lomwe. Ndalama za sukulu ankazipeza poyendetsa cikepe.

Tsiku lace lalikulu linali 25 May 1935, ku Ann Arbor m'dera la Michigan. Masiku owerengeka m'mbuyomo anali atagwa pa makwerero napweteka msana, koma analowabe mpikisano. Poyamba anathamanga mayadi 100 m'masekondi 9.4, nalingananso ndi rekodi. Atatero anapita kolumphira. Wolumpha kutali amathamanga kufikira pa thabwa lokwiriridwa pansi, nadziponya m'dzenje la mcenga; phazi likapitirira thabwalo, ngakhale ndi cala cokha, kulumphako sikuwerengedwa. Owens analumpha kamodzi kokha, nagwera pa mamita 8.13. Yesani kuyala mtunda umenewu pa bwalo la sukulu panu, mudzaona nokha. Rekodi imeneyi inakhala zaka 25 osasweka, kufikira Ralph Boston anaiposa mu 1960. Kenaka anathamanga mayadi 220 m'masekondi 20.3, natsiriza ndi mayadi 220 olumpha timipanda m'masekondi 22.6. Anaswa marekodi atatu, nalingana ndi yacinai, zonsezi m'mphindi 45 zokha.

Caka cotsatira, 1936, kunali masewera a Olympic mu mzinda wa Berlin ku Germany. Masewera amenewa amacitika kamodzi pa zaka zinai, ndipo maiko amatumizako akatswiri ao. Wolamulira Germany nthawi imeneyo anali Adolf Hitler, amene ankaphunzitsa kuti mtundu wace uposa mitundu yonse, nanyoza Ayuda ndi anthu akuda. Iye anafuna kuti masewerawo aonetse dziko lonse ukulu wa anthu ace.

Masiku amenewo kunalibe zitsulo zopondapo poyamba liwiro monga zilipo lero. Wothamanga ali yense ankadzikumbira timaenje tiwiri toikamo mapazi, nagwada kudikira kulira kwa mfuti. Pa 3 August Owens anapambana mamita 100 m'masekondi 10.3. M'mawa mwace kunali kulumpha kutali, ndipo amene analimbana naye kolimba anali mnyamata wa ku Germany komweko, Luz Long. Long anafika mamita 7.87, koma Owens anafika 8.06. Pamenepo Long anacita cinthu cofuna mtima wolimba: anapita kukamuyamikira munthu wakudayo pamaso pa khamu lonse, ndipo awiriwo anayenda pa bwalo atakolowekana mikono. Long anafa pa nkhondo ku Sicily mu 1943, koma Owens sanamuiwale, ndipo nkhondo itatha anakaonana ndi mwana wace.

Pa 5 August anapambananso mamita 200 m'masekondi 20.7. Wotsiriza unali mpikisano wopatsirana kamtengo, pa 9 August. Pa mpikisano umenewu anthu anai amathamanga mamita 100 ali yense, ndipo luso lagona pa kupatsirana, cifukwa wolandira ayenera kuyamba kuthamanga mnzace asanafike, natambasulira dzanja kumbuyo osaceuka. Owens ndiye anayamba, napatsa Ralph Metcalfe, iyenso napatsa Foy Draper, ndipo Frank Wykoff anatsiriza. Anathera masekondi 39.8, naswa rekodi. Koma nkhaniyi ili ndi banga lace: Owens ndi Metcalfe analowa m'malo a anyamata awiri aciyuda, Marty Glickman ndi Sam Stoller, amene akulu a gulu la America anawacotsa mpikisano uli pafupi kuyamba. Motero Owens anabwerera kwao ndi mendulo zinai za golidi.

Ku New York anthu anadzaza miseu kumlandira. Koma popita ku phwando limene anamkonzera m'hotela ya Waldorf Astoria, anamkweza m'cikepe conyamulira katundu, cifukwa ca khungu lace. Pulezidenti Franklin Roosevelt sanamuitane, ndiponso sanamtumizire ngakhale mau a mafuno abwino. Cinanso cinali ici: masewera a Berlin atatha, akulu a masewera anafuna kuti gululo lizungulire maiko a ku Europe likupikisana. Owens anali atatopa, ndipo anali ndi mkazi, Ruth, ndi mwana ofuna kudya. Anakana kupita ku Sweden nabwerera kwao. Pa cifukwa ici akuluwo anamletsa kulowanso mipikisano yao. Anali ndi zaka 22 zokha.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Kuti apeze ndalama ankapikisana ndi akavalo pamaso pa anthu olipira. Anatsegula nchito yocapa zobvala, koma inagwa. Nthawi ina ankathira petulo m'magalimoto. Pang'ono ndi pang'ono anapeza njira yace m'kulankhula pa misonkhano ndi m'kuphunzitsa acinyamata masewera, makamaka ku Chicago. Mu 1955 boma la America linamtuma ku India, ku Philippines ndi ku Malaya kukalimbikitsa masewera. Mu 1976, patapita zaka 40 cicokere ku Berlin, Pulezidenti Gerald Ford anampatsa mendulo yaulemu yochedwa Presidential Medal of Freedom.

Owens anasuta fodya zaka zambiri, ndipo pa ukalamba wace anadwala khansa ya m'mapapo. Anamwalira pa 31 March 1980 ku Tucson m'dera la Arizona, ali ndi zaka 66, naikidwa m'manda ku Chicago. Mu 1984 mzinda wa Berlin unacha dzina lace mseu wina wa pafupi ndi bwalo lija. Caka comweco, ku Los Angeles, mnyamata wina wakuda, Carl Lewis, wobadwiranso ku Alabama, anapambana mipikisano inai yomwe ija imene Owens anapambana mu 1936.