Louis Armstrong: mwana wolakwa amene anapeza mphunzitsi

Usiku wa pa 31 December 1912, mnyamata wa zaka 11 anawombera mfuti m'mwamba mumzinda wa New Orleans ku America pokondwerera chaka chatsopano. Apolisi anamugwira, ndipo khoti linamutumiza ku Colored Waif's Home, malo osungirako ana akuda opalamula. Ambiri mwa ife tikanati mwanayo wathera pomwepo. Koma kumeneko anakumana ndi a Peter Davis, mphunzitsi wa zoimbaimba, amene anamuphunzitsa kuimba lipenga mwadongosolo mpaka kumuika kukhala mtsogoleri wa bandi ya anawo. Mnyamatayo anali Louis Armstrong.

Armstrong anabadwa pa 4 August 1901. Bambo ake anachoka pakhomo iye ali wakhanda, ndipo anakula movutika. Ankagwira ganyu kubanja la a Karnofsky, Ayuda ochokera ku Lithuania, omwe ankamudyetsa ngati mwana wawo. Nthawi imeneyo mu New Orleans munkabadwa nyimbo za jazi. Anthu akuda, zidzukulu za akapolo, anasakaniza nyimbo za blues, ragtime, nyimbo za m'tchalitchi ndi za mabandi a malipenga operekeza maliro, n'kutulukapo kaimbidwe katsopano kovinitsa anthu.

Atatuluka m'chaka cha 1914, Armstrong ankagulitsa malasha masana n'kumaimba usiku. Kenako analowa bandi ya Fate Marable yomwe inkaimba m'sitima za pamtsinje wa Mississippi, ndipo kumeneko anazolowera kuwerenga manotsi a nyimbo. M'chaka cha 1922, katswiri wa lipenga King Oliver anamuitanira ku Chicago. Mu 1924 anapita ku New York kukalowa bandi ya Fletcher Henderson, ndipo kuyambira 1925 anayamba kujambula nyimbo ndi gulu lake la Hot Five. Asanabwere iye, oimba jazi ankakonda kuimbira pamodzi. Armstrong anaonetsa kuti munthu mmodzi angathe kutsogola n'kupeka nyimbo pomwepo anzake akumuthandizira, ndipo oimba a m'tsogolo anatengera zimenezi.

M'zaka za m'ma 1920, mbale za galamafoni ndi wailesi zinafikitsa jazi m'nyumba za azungu ndi akuda omwe. Achinyamata anatengeka ndi gule wa Charleston, pomwe akuluakulu ambiri ankadandaula kuti nyimbozi zikuwononga khalidwe la ana. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo zinkalowa paliponse koma eni ake ayi. Ku Roseland Ballroom, komwe bandi ya Henderson inkaimba, ovina anali azungu okha. M'madera a kummwera, oimba akuda ankakanizidwa kugona m'mahotela omwe asangalatsamo anthu.

Kwa zaka zambiri Armstrong sankayankhula poyera za tsankholi, moti akuda anzake ena ankamunena kuti amangosekerera azungu. Zinasintha mu 1957, pamene bwanamkubwa wa Arkansas, Orval Faubus, anatumiza asilikali kukatsekereza ophunzira 9 akuda kulowa pasukulu ya sekondale ya Central High mumzinda wa Little Rock. Armstrong anadzudzula bwanamkubwayo ndi pulezidenti Eisenhower pamaso pa mtolankhani, ndipo anakana ulendo wa ku Soviet Union womwe boma linkafuna kuti akaimbe m'dzina la America. Ambiri anakwiya naye, koma mawu ake sanawabweze.

Anamwalira pa 6 July 1971 kunyumba kwake ku Corona mumzinda wa New York, ndipo nyumbayo lero ndi malo osungirako mbiri yake.

Ife aphunzitsi, makolo ndi akomiti timakhala pansi kawirikawiri kukambirana za mwana amene walakwa. Tisanagamule kuti achotsedwe, tizikumbukira kuti mwana amene anapeza mphunzitsi ali pachilango ndi yemweyo amene, patapita zaka zoposa 40, anaika dzina lake pachiswe kuti ana ena aloledwe kulowa m'kalasi.