Sir Malcolm Watson: Dokotala Amene Anagonjetsa Udzudzu ku Luanshya

Ambili a ife tili ndi acibale ku Migodi, ndipo ena tinakulila komweko. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti pamene migodi inali kuyamba, Luanshya anali malo oopsa cifukwa ca malungo. Mmodzi wa anthu amene anasintha zimenezi ndi a Malcolm Watson.

A Watson anabadwa mu 1873 kufupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland, ndipo anaphunzila udokotala pa yunivesite ya mumzindawo. Mu 1900 anapita kukagwila nchito ku Malaya, dziko limene lelo ndi mbali ya Malaysia. Caka cotsatila anali dokotala wa boma ku Klang. Kumeneko malungo anali kupha anthu ambili, cakuti doko latsopano la Port Swettenham linatsala pang'ono kutsekedwa litangotsegulidwa.

Panthawiyo panali patapita zaka zinayi cabe kucokela pamene a Ronald Ross anapeza, mu 1897, kuti tuzilombo twa malungo tumakhala m'thupi la udzudzu. Madokotala ambili anali kudalilabe kwinini yekha. A Watson anaganiza kuti kucilitsa wodwala n'kumubwezela kumalo kumene adzalumidwanso sikokwanila. Motelo anayamba kukumbitsa ngalande, kuumitsa madambo ndi kukwilila zithaphwi. Odwala anacepa kwambili, ndipo doko linapitiliza kugwila nchito.

Cinthu cacikulu cimene anaphunzila n'cakuti udzudzu suli wamtundu umodzi. Mtundu wina unali kuswana m'madambo a mthunzi, ndipo ukagwetsa mitengo ndi kuumitsa dambo unali kutha. Koma m'mapili munali mtundu wina wokonda tumitsinje toomba dzuwa, ndipo kugwetsa mitengo kunali kuuculukitsa. Kumeneko anakwilila mapaipi pansi kuti madzi aziyenda mobisika. Mfundo yawo inali yakuti uyambe wadziwa mtundu umene ukufalitsa matenda ndi kumene umaikila mazila, ndiyeno ulimbane nawo pomwepo. Cifukwa ca nchito imeneyi anapatsidwa ulemu wa Sir mu 1924. Mu 1928 anapita ku London kukagwila nchito ku Ross Institute, bungwe limene pambuyo pake analitsogolela.

Nthawi imeneyo mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unali pa mavuto. Anchito anali kufa ndi malungo ndi matenda ena, ndipo mbili inafala yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cikupha anthu. Ambili anali kuthawa nchito usiku, ena kukana ngakhale kulembedwa. Mu 1929 eni mgodi anapempha thandizo ku Ross Institute. A Watson anatsogolela nchitoyo, ndipo anabwela okha kudzaona malowo.

Kuno anapezanso mitundu iwili ya udzudzu. Anopheles gambiae amaswana m'zithaphwi zoomba dzuwa m'nyengo ya mvula, pamene Anopheles funestus amakonda madambo a udzu ndipo amapezeka ngakhale m'cilimwe. Conco anthu anasenga udzu ndi mabango m'mbali mwa mtsinje, anawongola ndi kukumba mtsinjewo kuti madzi azithamanga, anaumitsa madambo, ndi kuthila mafuta pa madzi oima kuti ana a udzudzu alephele kupuma. M'mawindo a nyumba zina anaikamo sefa. Patapita zaka zocepa, odwala ndi akufa anacepa kwambili, ndipo nkhani ya cinjoka inazilala. Njila imodzimodziyo inagwilitsidwa nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Nchanga. Zonsezi zinacitika mankhwala a DDT asanafike.

Tisaiwale mbali ina ya mbili imeneyi. Makampani analipila nchitoyi cifukwa anafuna kuti mkuwa uzituluka, ndipo nyumba za sefa ndi kwinini zinali kufika coyamba kwa azungu. Amene analowa m'matope ndi makasu ndi mafosholo anali makolo athu, ndipo maina awo sanalembedwe m'mabuku. Komabe udzudzu utacepa, ana a m'makomboni nawonso anapulumuka.

A Watson analemba za nchito ya ku Migodi m'buku lochedwa African Highway, limene linatuluka mu 1953. Anamwalila mu 1955.

Malungo akali kutenga ana athu ndi amayi apakati caka ndi caka. Maneti, kupopela nyumba ndi kupita msanga ku kiliniki n'zofunika kwambili. Koma zimene a Watson anaona zikali zoona: udzudzu umayambila m'madzi oima. Mvula isanayambe, tiyeni tiyang'ane ngalande zotsekeka, maenje oumbila njelwa, matayala akale ndi zitini zili kuseli kwa nyumba zathu.