Gunpei Yokoi: Katswiri wa Masewera a M'manja

Gunpei Yokoi adabadwira ku Kyoto, m'dziko la Japan, mu 1941. Adayamba ntchito ku Nintendo mu 1965 ngati wokonza makina opangira makadi. Mu 1980 adapanga Game & Watch, ndipo mu 1989 adatulutsa Game Boy, kachipangizo kosewerera masewera a pakompyuta m'manja. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti iye ankakonda zipangizo zakale ndi zotsika mtengo. Zithunzi za Game Boy zidalibe mitundu, koma mabatire ake ankakhalitsa, motero idaposa Game Gear ya Sega pamsika. Virtual Boy ya 1995 sidayende malonda, ndipo adachoka ku Nintendo mu 1996. Adamwalira pangozi yapamsewu mu 1997. Kwa ine, moyo wake ukusonyeza kuti nzeru zimaposa zida zodula.