Malemu Alf Ramsey, Mphunzitsi Wosamva za Masapota

Anzanga a m'zaka za m'ma 1960, mukukumbukira m'mene tinkaunjikirana pa wailesi imodzi ija m'chipinda chogona, kumvera mpira wa ku Mangalande. Dzina limene linkatikanganitsa mpaka belu kulira linali la a Alf Ramsey.

Iwowa anabadwa m'chaka cha 1920 ku Dagenham. Anasewerapo kumbuyo m'matimu a Southampton ndi Tottenham, kenaka mu 1955 anakhala mphunzitsi wa Ipswich Town, katimu kamene anakatola m'gawo lachitatu ndi kukafikitsa potenga ligi yaikulu mu 1962. Pamene anapatsidwa timu ya dziko, anaumirira kuti osewera azisankha okha, popeza kale ntchitoyi inali ya komiti.

Mayeso awo anadza pa Chikho cha Dziko Lonse mu 1966. Jimmy Greaves, katswiri womwetsa zigoli amene anthu onse ankamudalira, anavulala mwendo posewera ndi France, ndipo m'malo mwake munalowa Geoff Hurst. Pofika masewero otsiriza Greaves n'kuti atachira, anyuzipepala ndi masapota akufuula kuti abwerere. Masiku amenewo kunalibe zosintha wosewera mpira uli m'kati. Wotsala panja watsala basi. A Ramsey anamusiya panja. Ine, ndiulule, ndinali mmodzi mwa amene anawanyoza usiku wonse. Pa 30 July ku Wembley Hurst uja anamwetsa zigoli zitatu, Ajeremani n'kugonja 4-2, ndipo m'mawa mwake ndinali ine ndemwe patsogolo kuuza anzanga kuti ndinadziwiratu.

Patapita zaka zinayi, ku León m'dziko la Mexico, anakumananso ndi Ajeremani omwewo. Timu yawo inatsogola 2-0, ndipo zitafika 2-1 anatulutsa Bobby Charlton kuti apumeko podikira masewero otsatira. Masewerowo sanawaone, chifukwa anagonja 3-2. Makani aja tinkawatcha nzeru mu 1966 tsopano tinawatcha kuuma mutu. Ndi ochepa mwa ife amene anakumbukira kuti Beckenbauer anagoletsa Charlton adakali m'bwalo, ndiponso kuti goloboyi wodalirika, Gordon Banks, sanasewere n'komwe chifukwa anadwala m'mimba. Ine lero ndimaona kuti maganizo a mkuluyu tsiku limenelo sanali oipa. Kungoti ife tinkayamba taona zigoli, n'kumafuna zifukwa pambuyo.

Mu October 1973 Poland inawakanika ku Wembley, 1-1, mwayi wopita ku chikho cha 1974 n'kutayika, ndipo chaka chotsatiracho anawachotsa ntchito. Anamwalira pa 28 April 1999 ku Ipswich konko, atadwala matenda oiwalaiwala. Greaves analandira mendulo yake ya 1966 m'chaka cha 2009, a Ramsey atagona kale zaka khumi, ndipo chikho chija timu ya amuna ya England siinachitengenso.