Henry Caldwell Cook: Mphunzitsi Amene Anasandutsa Kalasi Kukhala Bwalo la Sewero

Inu amene muli kukonzekera nchito ya uphunzitsi mwamvapo kale za njira yophunzitsira ana kupyolera m'masewera. Mmodzi mwa anthu amene anacititsa kuti njira imeneyi idziwike kutali anali Henry Caldwell Cook, mphunzitsi wa Cingelezi ku England. Mbiri yake ikuthandizani kuona kuti kuika mwana patsogolo pa maphunziro sikutanthauza kumpatsa zinthu zofewa zokhazokha.

Atatsiriza maphunziro ake ku yunivesite ya Oxford, Cook anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya anyamata ya Perse mumzinda wa Cambridge m'caka ca 1911. Mkulu wa sukuluyo anali W. H. D. Rouse, amene anali kuphunzitsa Cilatini ndi Cigiriki mwa kulankhula zinenerozo ndi ana m'kalasi. Popeza Rouse anali wokonda njira zatsopano, analola Cook kuyesa maganizo ake momasuka.

Masiku amenewo, m'masukulu ambiri masewero a William Shakespeare anali kuphunzitsidwa ana atakhala cete pa madesiki. Mphunzitsi anali kumasulira mau ovuta limodzi ndi limodzi, ndipo ana anali kuloweza matanthauzo kuti akapambane mayeso. Cook anaona kuti zimenezi zinali kupha sewero, pakuti Shakespeare, amene anamwalira mu 1616, analemba masewero ake kuti aziseweredwa pamaso pa anthu. Motero anauza anyamata ake kuti aimirire, agawane mbali ndi kuyamba kusewera. Pambuyo pake sukulu inapatula cipinda cimene anacikonza monga bwalo la masewero, nacipatsa dzina lakuti Mummery.

Taganizani zimene zimacitika mwana akapatsidwa mbali ya mfumu. Kuti adziwe poimirira, munthu woyang'ana ndi liu loyenera kulankhulira, ayenera kuyamba wamvetsa zimene mfumuyo ikunena. Akalephera kumvetsa, thupi ndi liu lake zimaulula pomwepo, ndipo anzake amamuwongolera. Mwa njira iyi Cingelezi cakale ca zaka 300 cinayamba kumveka kwa anyamata aang'ono.

Cook sanalekere pa Shakespeare. Ana anali kupeka masewero ndi ndakatulo zao, ndipo zina mwa izo zinasindikizidwa m'timabuku ta Perse Playbooks. Analinso ndi nthawi imene mnyamata aliyense anali kuimirira ndi kukamba nkhani pa mutu wodzisankhira yekha, mnzake akutsogolera msonkhano, mphunzitsi atakhala pambali kumvetsera. Maganizo ake onse anawalemba m'buku lakuti The Play Way, limene linatuluka mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati. Iye mwini anatumikira monga msilikali pa nkhondoyo, ndipo itatha anabwerera ku Perse. Kwa Cook, kusewera kunali kugwira nchito ndi mtima wonse, monga mwana amacitira akatanganidwa ndi cinthu cimene wacikonda.

Rouse anapuma pa nchito mu 1928. Cook anacoka pa Perse mu 1933 ndipo anamwalira mu 1939. Koma cizolowezi cosewera masewero pa sukuluyo cinapitirira, ndipo mmodzi mwa amene anaphunzira pa Perse pambuyo pake, Peter Hall, ndiye anadzayambitsa gulu la Royal Shakespeare Company.

Inu mudzaphunzitsa Cinyanja ku pulaimale, mwina m'kalasi yodzaza ana, yokhala ndi mabuku owerengeka. Musanene kuti njira ya Cook ifuna cipinda capadera. Mthunzi wa mtengo ukwanira. Mukawerenga nthano ya Kalulu ndi Fisi, gawani ana m'timagulu, gulu lililonse lisankhe lokha wosewera Kalulu, wosewera Fisi ndi wotsogolera nyimbo. Akatsiriza, afunseni cifukwa cake Fisi analankhula mwaukali pamalo ena ndi mwamantha pamalo ena. Dziwani kuti njira iyi siicepetsa nchito yanu. Muyenera kuidziwa nthanoyo bwino lomwe, kukonzeratu magulu ndi kuyang'anira kuti mwana wamanyazi naye apatsidwe mbali. Mukapanda kukonzekera, kalasi idzangodzala phokoso ndipo ola lidzatha ana osaphunzira kanthu.