Mohamed Amin: mnyamata wa ku Eastleigh yemwe kamera yake inadzutsa dziko

Masiku ano aliyense wa ife ali ndi kamera m'thumba. Tikaweruka timajambula n'kuponya pa WhatsApp kuti akumudzi aone kuti tikadali moyo. Komatu kujambula n'kwina, kufotokoza nkhani ndi chithunzi n'kwinanso. Kuno ku Nairobi, munthu yemwe amakumbukiridwa pa luso lachiwirili ndi malemu Mohamed Amin, yemwe anzake ankangomuti Mo.

Amin anabadwa pa 29 August 1943 ku Eastleigh, mumzinda womwe uno. Makolo ake anachokera ku Punjab, ndipo bambo ake ankagwira ntchito ya njanji, yomwe inasamutsira banjali ku Dar es Salaam. Kumeneko ndi komwe mnyamatayu, ali ndi zaka 11, anagula kamera yakale ya Box Brownie. Sukulu ya zamafilimu sanaipondeko. Anaphunzira pojambula, kutsuka yekha zithunzi, kuona pomwe zalakwika, mawa n'kubwereranso. Mu 1963 anatsegula kampani yake ya Camerapix, yomwe kenako inasamukira ku Nairobi.

Phunziro loyamba la mkuluyu linali lofika msanga ndi kuyandikira. Pa 5 July 1969, nduna ya boma la Kenya, Tom Mboya, inawomberedwa mumsewu wa Government Road, womwe lero ndi Moi Avenue. Amin anafika patangopita mphindi zochepa, n'kujambula kuyambira pamalopo mpaka kuchipatala. Kuyandikira koteroko kunali ndi mtengo wake. Mu 1966 anamangidwapo ku Zanzibar, komwe anamuzunza pafupifupi mwezi wathunthu.

Koma ntchito yomwe inamutchukitsa ndi ya mu October 1984. Iye ndi mtolankhani wa BBC, Michael Buerk, anafika ku Korem, kumpoto kwa Ethiopia, komwe anthu zikwizikwi anasonkhana pothawa njala. Amene mukuphunzira zamafilimu, kanema ameneyu mumufufuze pa intaneti, mumuonere kawiri. Amayamba ndi chithunzi chapatali, m'bandakucha, chigwa chodzadza ndi anthu ofunda nsanza, kuti woonera adziwe kukula kwa vuto. Kenako kamera imasendera pang'onopang'ono mpaka pankhope ya munthu mmodzi, mayi, mwana, nkhalamba. Sithamanga, sigwedezeka. Kulira kwa anthu kumamveka momwe kunalili. Chapatali chimakuuza kuchuluka kwa anthu, chapafupi chimakukumbutsa kuti aliyense mwa iwo ndi mwana wa munthu. Luso lonse lagona pamenepo.

Ife anamwino tili ndi gawo lathu m'nkhaniyi. M'malipoti omwewo munaoneka Claire Bertschinger, namwino wa Red Cross ku Mekele, yemwe chifukwa cha kuchepa kwa chakudya ankayenera kusankha ana oti adyetsedwe, ena n'kutsala. Aliyense yemwe anagwirapo usiku pawodi ya ana, mabedi atadzadza, mankhwala ali ochepa, akudziwa kulemera kwa chisankho chotere. Malipoti olembedwa a njalayi analipo kale, koma anthu a kutali anagwidwa mtima ataona ndi maso.

Kanemayu anaulutsidwa pa BBC pa 23 October 1984, ndipo nyumba za kanema zoposa 400 padziko lonse zinamuonetsanso. Woimba Bob Geldof ataonera anasonkhanitsa anzake n'kupanga Band Aid, kenako chimkonsati cha Live Aid pa 13 July 1985. Kuno ku Runda tayandikana ndi maofesi a United Nations a ku Gigiri, ndipo ogwira ntchito zothandiza ovutika amadziwa mpaka lero kuti thandizo limatsata komwe kwaloza kamera. Kwathunso tinaona mu March 2023, pomwe makanema a pafoni ochokera ku Chilobwe anatidzutsa ife a kunja kuti tisonkhe za namondwe wa Freddy.

Pali odandaula, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, kuti zithunzi za ku Korem zinasiya m'mitu ya azungu Africa wa njala yekhayekha. Enafe timakumana nazo pantchito, munthu kukufunsa ngati kwanu mumadya katatu. Komabe Amin sanajambule misozi yokha ayi. Anatulutsa mabuku ambiri a zithunzi zoonetsa kukongola kwa maiko, monga Journey through Kenya, komanso magazini ya Selamta ya m'ndege za Ethiopian Airlines.

Mu June 1991, nkhokwe ya zida zankhondo inaphulika ku Addis Ababa iye akujambula. Mnzake wotola mawu, John Mathai, anafera pomwepo, ndipo Amin anaduka mkono wamanzere. Wojambula wa mkono umodzi, eti? Ambiri anati basi, zake zatha. Koma ku United States anamupangira mkono woyikirira wotha kugwira kamera, ndipo anabwerera kuntchito.

Imfa inamupeza pa 23 November 1996. Ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa kubwera ku Nairobi inalandidwa ndi achiwembu omwe ankafuna kupita ku Australia. Mafuta atatha inagwera m'nyanja pafupi ndi zilumba za Comoros, ndipo anthu 125 mwa 175 anamwalira. Amin anali ndi zaka 53.

Mwana wake, Salim Amin, anapitiriza Camerapix ndipo anakhazikitsa Mohamed Amin Foundation, yophunzitsa achinyamata ntchito za kanema, sukulu yomwe bambo ake sanakhale nayo. Kwathu tili ndi a Shemu Joyah, katswiri woyeza malo yemwe anapanga filimu ya Seasons of a Life. Choncho mphwanu wa kumudzi akakupemphani foni ya kamera yabwino ponena kuti akufuna kupanga mafilimu, musafulumire kumuseka. Mo anayamba ndi kamera yogwiritsidwa kale ntchito.