Howie Morenz: katswiri yemwe maliro ake adachitikira m'bwalo la masewero

Kwa munthu wa kwa Nyachikadza ku Nsanje, yemwe amawoloka Shire pabwato dzuwa likuswa mtengo, n'zovuta kukhulupirira kuti kwina mtsinje umauma gwa ndi kuzizira, ana n'kumasewera pamwamba pake. Umu ndi momwe adakulira Howie Morenz, yemwe adabadwa mu 1902 ku Mitchell m'dziko la Canada. Pamtsinje woundanapo ndi pomwe adaphunzirira hockey, masewero othamanga motsetsereka pa ayezi, kwinaku akukankha kampira kaphwatalala ndi ndodo.

Timu ya Montreal Canadiens, yomwe idayamba mu 1909, inali ya anthu olankhula Chifalansa, pomwe Morenz ankalankhula Chingerezi ndipo ankaphunzira ntchito kukampani ya njanji ku Stratford. Atasaina mu 1923, mantha adamugwira mpaka adabweza cheke, koma mkulu wa timuyo, Léo Dandurand, adakanitsitsa kumumasula.

Mnyamata wokayikayu ndi yemwe adasanduka mwana wapakhomo. Liwiro lake lidathandiza Canadiens kutenga chikho cha Stanley Cup mu 1924, 1930 ndi 1931, ndipo katatu adasankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri muligi.

Liwiro litayamba kuchepa, ochemerera omwewo adayamba kumukuwiza, monga zimakhalira ngakhale m'mabwalo athu. Mu 1934 adamugulitsa ku Chicago, kenako New York, koma mu 1936 adabwerera.

Pa 28 January 1937, akusewera ndi Chicago m'bwalo lawo la Forum, adagwa n'kuwomba chipupa cha bwalolo, mwendo n'kuthyoka. Adamwalira m'chipatala pa 8 March ali ndi zaka 34, magazi ataundana m'mitsempha.

Bokosi lake adaliika pakatikati pa Forum, pomwe masewero amayambira, ndipo anthu pafupifupi 50,000 adadzaona nkhope. Timuyo idalamula kuti nambala 7 isadzavalidwenso, koyamba m'mbiri yake kuchitira wosewera ulemu wotero.

Mwana wake Marlene adakwatiwa ndi katswiri wina wa Canadiens, Bernie Geoffrion. Pa 11 March 2006, tsiku lomwe timuyo idakonza zopachika nambala 5 ya Geoffrion m'bwalo latsopano la Bell Centre, mkamwiniyo adamwalira m'mawa. Mwambo udachitikabe madzulo ake: nsalu ya nambala 7 adaitsitsa pang'ono, kenako ziwirizo zidakwera limodzi kudenga.